Fodya wa a Domingo

LOLEMBA

Mwayi wandigwera lero.

Dalaivala wa thiraki, mmodzi wa aja amagona pachipata cha m'malire kudikira asilikali kuti awaperekeze njira ya ku Tete, wafika pakhonde pomwe ndimasokera ndi buluku long'ambika pamalo osatchulika. Ndamusokera iye ali chiimire kuseri kwa chitseko, atamanga thaulo m'chiuno. Pothokoza wandisiyira chitini. Chozungulira, chonyezimira, pachivindikiro pali chithunzi cha tizipatso tofiira. Mkati mwake muli fodya wa m'kaliwo wochokera kunja!

Ndiye kuti Mulungu amamva ndithu mapemphero a atelala.

Nkhani ili apa. Loweruka ine ndi amalume tikukaonekera kwa a Domingo, amalume ake a Rozinya. Awiriwa anathawa nkhondo kwawo ku Mozambiki, akukhala kuseri kwa phiri kwa Kanduku, pakamalo komwe anthu anawabwereka. Lachiwiri la sabata yamawa lole ikubwera kudzasamutsa othawa nkhondo onse a m'mudzimo kupita kumsasa, kutali uko. A Domingo akandivomera, Rozinya atsala. Akakana, akwera lole. Nkhani yonse ndi yomweyo.

Tsono a Domingowo chuma chawo ndi kaliwo. Amangomuluma wopanda kanthu tsiku lonse. Rozinya akuti kale amalume akewo ankaphikira Mpwitikizi wina ku Tete, ndipo mpaka lero sasiya kusimba za fodya wonunkhira wa bwana wawoyo. Nanga ndikadzawapatsa chitini chimenechi, pakamwa pawo padzatuluka mawu oti ayi?

Chitini ndachiika pamwamba pa kabati. Sindichikhudza.

Ndangochitsegula kuti ndinunkhize. Kununkhiza si kusuta.

Abale inu, fungo lake! Keke ya paukwati, switi, sopo wa m'sitolo ya Mmwenye ku Limbe, zonse pamodzi. Fodyayo amukulunga m'pepala lopindidwa bwinobwino ngati siketi ya mwana wa sukulu.

Kenako ndaganiza mozama. Kwathu kuno mowa sumupatsa mlendo usanalawe wekha. Nanga mukakhala poizoni? Nkhalamba yapulumuka zipolopolo, idzafe ndi mphatso yanga? Ndafukula kaliwo wa malemu bambo m'sutikesi. Kamodzi kokha.

Zomwe ndapeza:
– Poizoni mulibe.
– Utsi wake ngwofewa, sukanda pakhosi ngati chingambwe chathu chija.
– Kununkhira kuli m'chipinda, koma m'kamwa kukoma kukuchepa. Zodabwitsa.
– Ndikumva ngati ndili ndi galimoto.

LACHIWIRI

Ndadzuka lilime likuwawa ngati ndinaseteka ayironi ya makala. Kodi ndi fodyayo kapena kaliwo? Sindingapereke kwa apongozi chinthu chootcha lilime. Pakufunika kufufuza.

Ndalawanso kachiwiri, pakhonde, pang'onopang'ono. Lilime silikupsa ukamakoka modekha. Vuto ndi lakuti kaliwo akungozima. Bokosi la machesi latsala theka.

Kulakwa kwanga: kusutira pakhonde.

A Kachingwe, eni golosale omwe anandibwereka khondeli, atuluka mphuno ili m'mwamba. Akuti, “Ndani akuphika keke kuno?” Ataona kaliwo angotambasula dzanja. Ndikanatani? Fodya samanana. Ukamana mnzako fodya, maliro ako adzakumba ndi akwanu okha.

Omwe alawa lero:
– A Kachingwe, kawiri. Akuti koyambako sanamve bwino.
– Mkulu wosintha ndalama pachipata. Akuti, “Uyu ndi fodya wa akazi,” koma wapempha wina woti akasute kunyumba. Ndakana. Ndamupatsa pang'ono.
– Mlonda wa pamalo oimika mathiraki. Wamukulunga m'nyuzi, fodya wa m'kaliwo! Mtima wandipweteka.
– Bambo wina wa njinga yemwe sindikumudziwa. Ndimayesa ali ndi a Kachingwe. A Kachingwe amayesa ali ndi ine.

Amayi ogulitsa manachesi asendeza madengu awo pafupi ndi khonde, akuti utsiwo ukuwakumbutsa Khirisimasi. Sindinaonepo anthu ochuluka chonchi pamashini anga. Wosoketsa ngakhale batani palibe.

Chitini chatsika, koma ukachigwedeza fodyayo amafufuma n'kuoneka wambiri. Ndachigwedeza kasanu. Zili bwino.

Mamakisi a lero: kununkhira, khumi pa khumi. Kuyaka, atatu.

LACHITATU

Chinsinsi chadziwika!

A Kachingwe anakhalapo tenanti ku esiteti ya fodya ku Kasungu zaka zambiri, ndiye za fodya amazidziwa ngati chikhatho chawo. Amufinya ndi zala, wamatirira. Apukusa mutu. “Fodya uyu ngwamuwisi. Kuokushoni akanamubweza ndi belo lomwe. Azungu kulima sadziwa, amangodziwa kupaka zitini utoto.”

N'chifukwa chake akuzima! Ndipo ine ndikanakapereka fodya wonyowa kwa munthu wamkulu. Manyazi ake!

Ndamuyanika palichero, padenga la golosale, padzuwa. Ndasoka malaya awiri ndikuimba nyimbo.

Cha m'ma leveni Rozinya wadutsa, akuchokera kolandira ufa ndi nandolo, thumba pamutu, khosi lili njo. Waima pang'ono patsinde pa khonde. Amayankhula Chichewa chosakaniza ndi Chinyungwe, ndipo akanditchula dzina miyendo yanga imaiwala kupalasa mashini. Wati, “Tiyu, amalume aja, ndawanong'oneza kuti muli ndi kanthu kawo. Dzulo atsuka kaliwo ndi kaudzu, lero atsukanso.”

Ndaseka ngati munthu wolemera. Ndati awauze akonzeke.

Masana kwabwera mphepo yamphamvu ya nyengo yozizira ija.

Ndakwera padenga ndi makwerero a a Kachingwe. Lichero lili pomwepo. Fodya, wina alipo. Wina ali mumsewu, wina wadumpha malire kupita ku Zobue popanda chiphaso. Akulu ananena, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Sananene za wa padenga.

Wotsalayo wauma bwino kwambiri, akuthetheka ngati udzu. Ndalawa kuti ndione ntchito ya manja athu.
– Akuyaka! Ndodo imodzi ya machesi basi.
– Watha m'kaliwo ndisanakhale n'komwe pansi.
– Fungo la keke lija kulibe. Lapita ndi dzuwa.
– Akukoma ngati katoni.

A Kachingwe akuti, “Eya, tsopano ndiye fodya.” Ndavomera ndi mutu. Khonde ndi lawo.

LACHINAYI

Sindikuda nkhawa. Telala ndi munthu wa zigamba.

Mavuto ndi awiri: fodya wachepa, fungo lathawa. Onse ali ndi mankhwala ake.

Loyamba n'losavuta. Ndagula chingambwe kwa agogo ena a kwa Nthache, ndachidula ndi sizasi yanga tizingwe ting'onoting'ono tofanana ndi ta m'chitini. Ntchito yaukhondo. Ngakhale mwini fakitale sangasiyanitse, bola asasute.

Pa vuto lachiwirilo, ndayang'anitsitsa chithunzi cha pachivindikiro. Tizipatso tofiira, tozungulira, tokhala ndi kamchira. A Kachingwe avala magalasi. Amayi a manachesi abwera onse atatu. Tagwirizana tonse kuti ndi masau. Masau a kunja, onenepa chifukwa cha feteleza, koma masau ndithu. Ndiye azungu akutigulitsa masau athu omwe m'chitini!

Zomwe ndathira:
– Masau ouma, osinja. Dzanja limodzi.
– Makoko a nachesi, owamba pang'ono pamoto. Awa ndi nzeru zanga.
– Uchi, supuni imodzi, kuti zigwirane.
– Supuni ina ya uchi, chifukwa yoyambayo inangolowa osaoneka.

Kulawa koyamba: chingambwe chikulamulira ngati msilikali pachipata. Ndatsokomola mpaka misozi. Nachesi akumveka patali, akupempha chilolezo.

Kulawa kwachiwiri, nditawonjezera masau: kukubwera! Kaliwo akulira kuti tswii, pansi pake pakuwira timadzi takuda. Koma kafungo kalipo. Si keke, komabe ndi chinthu choti munthu angadye.

Kulawa kwachitatu: sindikukumbuka bwino. Mutu unazungulira, ndinasokerera thumba la buluku la aphunzitsi kumwendo.

Kulawa kulikonse kukutsitsa chitini, ndiye ndikumawonjezera chingambwe. Ndikawonjezera chingambwe fungo likuchepa, ndiye ndikumawonjezera masau. Ndikawonjezera masau ndiyenera kulawa. Ndaona kuti pamenepa pali kamsampha, koma sindinakapeze polowera pake.

Amalume atumiza uthenga: ndimete, ndipolishe nsapato, ndipo Loweruka ndisayankhule pokhapokha atandifunsa.

LACHISANU

Nyerere!

Mzere wautali kuchokera pakhomo, kukwera mwendo wa kabati, mpaka m'chitini. Zina zikutuluka zitasenza katundu. Ndakhala m'mawa wonse ndikuzitola ndi singano. Zamoyo ndachotsa. Zomwe zinamira mu uchi ndazisiya, n'zakuda ngati fodya yemwe.

A Kachingwe akuti ku Kasungu nyerere ankazithamangitsa ndi kachasu. Sindikukhulupiriranso za ku Kasungu, koma nthawi yatha. Ndawaza kachasu wa masau, kachivindikiro kamodzi. Wotsala m'botolo tagawana, poti kutaya n'kulakwa.

Ndalawa komaliza. Komaliza kwenikweni.

Anthuni, ndapanga chinthu! Poyatsa pakubuka kalawi kabuluu. Utsi woyamba ukumenya pachifuwa, wachiwiri ukupepesa. Nachesi ali kutsogolo, masau pambuyo, uchi ukuyanjanitsa. Pali kena kowawasa komwe ndikuganiza kuti ndi nyerere, koma kakukhala bwino. Galu wa a Kachingwe wanyamuka pakhonde n'kukagona kuseri. Agalu sadziwa zinthu.

Mamakisi: asanu ndi anayi. Limodzi ndachotsa chifukwa cha kudzichepetsa.

Ndikuganiza zotsegula fakitale nkhondo ikatha. Rozinya azidzamata mapepala, ine ndizidzalawa.

Pepala la mkati lija ndalisita ndi ayironi, mapindo onse abwerera. Chitini ndachipukuta ndi phulusa, chikuwala kuposa Lolemba. Ndachisokera kathumba ka nsalu yotsala ya suti, ndi kachingwe kofiira. Chivindikiro chikumata pang'ono, koma ndiye chikuoneka ngati sichinatsegulidwepo.

Fodya weniweni wa dalaivala uja alimobe. Ndikuganiza kuti alimo. Pansi penipeni.

Mawa ndikukatenga mkazi!

LOWERUKA

Tafika dzuwa lili pamutu, amalume patsogolo, ine pambuyo ndi nsapato zondiluma. Kanyumba ka udzu, pabwalo posesa bwino. Katundu wawo wamangidwa kale m'mitolo iwiri pakhonde.

A Domingo ndi aafupi, owonda, jekete lawo lili ndi zigamba zosokedwa ndi dzanja. Rozinya watiyalira mphasa n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pomwe ndikuona chigongono chake chokha.

Amalume ayankhula bwino. Tambala wathu waona msoti pakhomo pano, zonse zija. Kenako andigunda ndi bondo. Ndagwada, ndapereka kathumba ndi manja awiri.

Ataona chitini nkhope yawo yasintha, yakhala ya mwana. Achisisita, awerenga zilembo ndi chala, atchula dzina lake m'Chipwitikizi. Ati tizipatsoto si masau, n'zipatso za kwa azungu zomwe kuno sizimera. Amalume andiyang'ana. Ine ndayang'ana nkhuku.

Chivindikiro chavuta. Achikanula ndi mpeni. Anunkhiza kamodzi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Adzaza kaliwo wawo wotsukatsuka uja, ayatsa, kalawi kabuluu kabuka, akoka katatu konse. Misozi yatsika, ya chingambwe. Atulutsa nyerere palilime, aiyang'ana, aiika pansi mwaulemu.

Afunsa amalume, osati ine: “Mwana wanuyu chitinichi wakhala nacho masiku angati?”

Amalume andigunda. Ndati asanu.

Alowa m'nyumba, atuluka ndi kathumba kakuda ndi utsi, kokwana m'manja awiri. Amasula. Mtedza wosenda, waung'onoung'ono, wofiira.

Ati, “Iyi ndi mbewu ya kumunda kwa mlongo wanga, mayi wake wa mwanayu. Iye anatsala komweko, tinamuika m'mphepete mwa njira. Ine ndi Rozinya tinayenda m'tchire masiku asanu ndi anayi, tikudya mizu. Kathumbaka kanali m'jekete muno. Mwanayu ankalira ndi njala, koma sanapemphe ngakhale njere imodzi.”

Chigongono chija chachoka pakona.

Kenako amanga kathumbako n'kukaika m'manja mwanga. Kwa ine tsopano: “Kumsasa kulibe munda. Sungani. Mvula yoyamba ikagwa mubwere nako, tidzakambirane. Njerezo ndinaziwerenga.”

Chitini asunga. Akuti n'chabwino kuikamo singano.

Pobwerera tayenda mpaka pamsewu waukulu. Pamenepo amalume angoti, “Bambo ako analinso chimodzimodzi.”

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Lilime likadali lotupa.

Ndiye kuti Lachiwiri Rozinya akwera lole. Ndamuona potuluka m'tchalitchi, ali ndi atsikana anzake. Sanaseke, sanakwiye. Wangoti, “Mtedzawo mukauike pouma. Ndipo musauyanike padenga.” Ndiye kuti nkhani yafika kale m'mudzi monse.

Zikundiwawa, ndisaname. Ndinapatsidwa chinthu chimodzi choti ndisunge masiku asanu.

Ndawerenga miyezi pa zala. Kuzizira kuno kuthe, kubwere fumbi, kubwere kutentha, kenako mvula, ikafuna. Inayi, mwina isanu.

Kaliwo wa bambo ndamubwezera m'sutikesi, pansi pa bulangete.

Kathumba ka mtedza kali patebulo. Sindinakatsegule. Ndangokanyamula kuti ndimve kulemera kwake, ndipo kakununkhira utsi ndi dothi la kwawo. Ine mtedza ndimaukonda kuyambira ndili mwana, wokazinga, wothira mchere pang'ono. Wofiira waung'ono ngati umenewu ndiye umakhala ndi mafuta.

Ndakasokera m'thumba la kaki, ndadutsitsa mashini katatu. Thumbalo ndalisokeranso m'thumba lina.

Sizasi ndakapereka kwa a Kachingwe kuti azindisungira. Ndizikaitenga m'mawa, ndizibweza madzulo, iwo akuona.

Andifunsa kuti m'thumbamo muli chiyani. Ndati mankhwala a makoswe.