Mbale ya Apongozi Ikupita kwa Dona

Lolemba
Pakamwa pangapa! Bwana wandituma kunyumba kwake ndi mapepala. Ndikupeza Dona, mkazi wake, akupukuta mbale zawo za ku China, zoyera zamaluwa abuluu, zosadyeramo munthu. Ine n'kulankhula kuti apongozi anga ku Kapata ali nayo yotero, ya chinjoka ndi mkombero wagolide, agogo awo anachokera nayo ku Kilimane. Dona akufuna aione Loweruka. Bwana atamva, akumwetulira. Mpando wa kalaliki wamkulu ulibe munthu, ndipo dzina langa likutchulidwa.

Lachiwiri
Apongozi akukana. "Imeneyo imatuluka pa ukwati ndi pa maliro basi." Ndikulonjeza shuga, nsalu, kufolera khitchini. Avomera, koma akuti ikabwere mmene yapitira.

Lachitatu
Ndaikulunga m'bulangete. Njinga ndikukankha, sindikukwera. Ana ndawaletsa kuthamanga, kulimbana, ngakhale kuyetsemula pafupi nayo. Mtima suli m'malo.

Lachinayi
Amake Tione, mkazi wanga, akuti mbale yakuda chonchi singapite kwa mzungu, tingachite manyazi. Ndili ku ofesi, aikwecha ndi mchenga ndi phulusa. Yayera ndithu. Golide wapita. Chinjoka chilibe maso, chilibe ndevu, mchira watsala theka.

Lachisanu
Che Amidu, wolemba zikwangwani za masitolo, akuti ndisadandaule, abwezeretsa zonse. Chinjoka cha ku China sanachionepo. Tsopano m'mbale muli buluzi wonenepa, akuseka. Penti sakuuma. Ndikupepeza ndi chipewa.

Loweruka
Dona akuitembenuza, akuona zilembo za pansi. Akuti ndi yeniyeni, yakale kuposa zawo zonse, anthu amaoloka nyanja kufunafuna zotere. Kenako akuyang'ana m'kati. Chala chawo chatuluka chachikasu.
"Wachita izi ndani?"
Ndikuti kuno zimakalamba choncho, ndi dzuwa. Dona akhala pansi, apempha madzi. Bwana akundiuza kuti ndingapite.

Lamulungu
Titaweruka ku tchalitchi ndabweza mbale. Apongozi aiyang'ana nthawi yaitali. Akuti chinjoka chinkawaopsa kuyambira ali mtsikana, buluziyu ndiye waulemu. Andisenzetsa makapu awo onse, ndikapereke kwa Che Amidu awajambule chimodzimodzi. Mawa ndikakhala pa tebulo langa lakale, kuseri kwa chitseko. Ndikawaona Dona akubwera, ndizilowa m'chipinda cha mafayilo.