Namondwe Amene Tinamuimba Monong'ona

Mukadzafika kutchalitchi kwathu ku Uliwa n'kuona bambo wina wa mapewa otakata ataima mzere wakumbuyo kwa kwaya, kuseri kwa amayi awiri aatali, musadzafunse kuti munthu wooneka bwino chonchi anamubisiranji. Munthuyo ndine, ndipo kumeneko ndinapitako ndi nzeru zanga zomwe.

Ndine mphunzitsi wa masamu, kwathu ndi ku Ntcheu. Nditakhala kuno chaka chimodzi, akulu a mpingo anandipatsa udindo wotsogolera kwaya, kulanda a Gondwe amene anaitsogolera zaka zambirimbiri. Chifukwa chake n'chakuti kwaya yathu inkangotsekera kumbuyo pa mpikisano wa makwaya wa ku Ngara. Anandiuza poyera kuti tikakalepheranso, a Gondwe abwerera pamalo pawo. A Gondwewo sanakwiye ayi. Anangopita kukaima ku besi, n'kumandiyang'ana ngati munthu amene wabwereketsa njinga yake kwa wosadziwa kupalasa.

Ine ndinabwera ndi lamulo limodzi. "Maso pa manja anga! Manja akakwera, mawu akwere. Akatsika, mawu atsike. Wina asaganize payekha, woganiza pano ndine." Miyezi itatu ndinawakhomerera zimenezi. Mayi wina atakweza mawu ine ndisanakweze manja, ndinaimitsa nyimbo n'kumuimbitsa yekha pamaso pa anzake mpaka misozi inalengeza. (Mfundo imeneyi muisunge, muifuna kutsogoloku.)

Nyimbo ya mpikisano ndinapeka ndekha. Inali ya asodzi amene namondwe wawapeza pakati pa nyanja. Imayamba pansipansi, madzi ali bata, kenako mphepo n'kubuka, kwaya yonse n'kuphulika kufuulira Mulungu. Pamenepo manja anga ankafika m'mwamba, ndipo malata ankanjenjemera.

Mavuto anayambitsa ndi telala. Yunifolomu yatsopano, ya nsalu ya ku Tanzania, anaisoka ya manja aafupi. Tsiku loyesa, Nyauhango, mtsogoleri wa asopulano amene pakamwa pake palibe chitseko, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. (Kuno aphunzitsi amati asambizgi.)

"Asambizgi, mikono mwaiwala kunyumba? M'malayamu mwalowa timitengo toimbira ng'oma."

Kwaya yonse inaseka mokweza bwino, popanda ine kukweza manja. Zinandiwawa, ndisaname. Kwayamasitala amaima kutsogolo, ndipo chimene anthu amaonera ndi mikono yake.

Kunatsala masabata awiri kuti mpikisano ufike. Ndinapita kwa a Silungwe, owotcherera zitsulo, amene kuseri kwa shedi yawo kuli kajimu: mipiringidzo yokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku, ndi benchi la matabwa.

"Ndikufuna mikono pofika Loweruka la sabata yamawa," ndinatero.

"Mikono sitiwotcherera yayi, asambizgi," anayankha akupukuta m'manja. "Muzibwera katatu pa sabata: Lolemba, Lachitatu, Lachisanu. Masiku enawo muzipuma, muzidya, muzigona. Chitsulo chimang'amba nyama, kupuma ndiye kumasoka. Nyama imakula tsiku limene simunanyamule. Pachokopachoko, ndiye kuti pang'onopang'ono."

Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinawamvera chisoni. Kusadziwa masamu n'koopsa! Ngati masiku atatu abereka mkono wakutiwakuti, masiku asanu ndi awiri abereka woposa kawiri. Mukachita m'mawa ndi masana, mwachulukitsanso kawiri. Izi mwana wa Sitandade 4 akhoza kukuuzani.

Choncho masiku a jimu ndinkapita kujimu. Masiku opuma ndinkapumira kuseri kwa bafa, ndikukweza ndi kutsitsa zigubu ziwiri zodzaza madzi, ndisanapite kusukulu komanso ndikaweruka. Sabata yoyamba isanathe, thupi linayamba kudandaula. Choko chinkandilemera. Ndinkalemba m'munsi mwa bolodi mokhamokha, ophunzira a kumbuyo n'kumachita kuimirira kuti aone. A Silungwe nawo anaona kuti chitsulo chimene ndinakweza kakhumi tsiku loyamba, tsopano ndinkachikweza kanayi, nkhope itakwinyika.

"Mukupuma nadi?" anafunsa.

"Kwambiri."

"Ndiye mwina mukupuma molimbika chomene. Lachisanu musabwere. Ndikakuonani pano ndikuthamangitsani."

Lachinayi la sabata ya mpikisano, titamaliza kuyeserera (manja ndinkawakwezabe, ndikukukuta mano, ndipo ena ankati ndi mzimu), ndinauza kwaya mwanzeru zonse kuti Lachisanu kulibe kuimba. "Mawu amafuna kupuma mpikisano usanafike," ndinatero. Inde, ine amene. Kenako nthawi imene ndinapulumutsayo ndinakaithera kuseri kwa bafa, kupukuta mikono komaliza. Zigubu ndinazikweza mpaka ndinasiya kuwerenga.

Loweruka m'mawa ndinadzuka, koma mikono inatsala mtulo. Inapindika pa zigongono n'kuuma momwemo. Kuiwongola, moto. Kuikweza kupitirira lamba, moto wa m'mapewa. Mkazi wanga ndiye anandiveka malaya n'kundimanga mabatani.

"Koma akukwanani bwino, bambo," anatero. "Mikono yatupa."

Pang'ono ndinasangalala, Mulungu andikhululukire.

"Auzeni a Gondwe atsogolere lero," anapitiriza.

"Pokhapokha nditafa. Ikamasuka m'njira."

Sinamasuke. Pokwera lole, amuna awiri a ku tena anachita kundikankha kumbuyo ngati thumba la mpunga. Ndinawauza kuti ndinagonera mkono. Anafunsa kuti yonse iwiri? Ndinati ndimagona motembenukatembenuka. Kuuza kwaya chilungamo, kuti lero ayang'ane nkhope m'malo mwa manja, kukanatenga mphindi imodzi. Koma Nyauhango anali pomwepo.

Tchalitchi cha ku Ngara chinadzaza, ndipo theka la anthuwo anali asodzi, eni ake a namondwe. Oweruza atatu anakhala patebulo kutsogolo. Nthawi yathu itakwana, tinayamba. Chiyambi chinali chokoma zedi. Manja ali pa lamba, mawu ali pansipansi, nyanja ili bata. Ndinaona woweruza wina akugwedeza mutu mokhutira.

Kenako inafika mphepo. Ndinalamula manja kuti akwere. Anakwera mpaka pamchombo, ululu unandibaya, n'kugwa pansi kuposa pomwe anali. Kwaya yanga, yophunzitsidwa bwino, yomvera, yosaganiza payokha, inatsitsa mawu. Ndinayesanso, anagwanso. Anthu makumi atatu anayamba kufuulira Mulungu monong'ona.

Ndinakweza nsidze. Ndinakweza chibwano. Ndinaima chonyang'ama ndi zala za kumapazi, ndikudumphadumpha, manja akukupiza m'chiuno ngati bakha. Palibe anasuntha. Mayi uja ndinamuliza anandiyang'ana m'maso, kenako n'kuyang'ana manja anga, n'kutsitsanso mawu mwaulemu wonse. Panja tambala analira, ndipo anamveka bwino kuposa besi yathu.

Woweruza wachikulire anaika dzanja kukhutu. Kumbuyo bambo wina anafuula kuti tikweze mawu: "Kwezgani mazgu, ŵa ku Uliwa!" Mnzake anamuyankha mokweza, "Asiyeni, namondwe wa kwawo ndi waulemu, amagogoda kaye." Tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko. Thukuta linanditsika mpaka m'masokosi, ndipo kulipukuta sindikanatha.

Apo ndi pomwe ndinaona kampango koyera kakukwera pang'onopang'ono kuchokera ku besi. A Gondwe anatuluka pamzere, anaima pambali panga, n'kukweza dzanja limodzi lokha, lowonda kuposa langa lakale lija. Kwaya inaphulika. Malata ananjenjemera, asodzi anaimirira, amayi analuluta. Ine ndinali chiimire pamenepo m'malaya ondikwana bwino.

Tinakhala achinayi pa makwaya asanu. Oweruza anati theka lachiwiri la nyimbo linali labwino kuposa onse, koma theka loyamba sakanatha kuliweruza chifukwa sanalimve.

Lamlungu akulu a mpingo sanataye nthawi. A Gondwe anabwerera kutsogolo. Ine anandipatsa malo ku tena, ndi udindo wina wapadera wonyamula mabenchi ndi ng'oma kwaya ikamayenda, "popeza mphatso yanu taiona." A Silungwe nditawaululira nkhaniyi, ndi masamu anga aja omwe, sanandinyoze. Anangondipepesa kuti, "Pole, asambizgi. Masamu aja anatuluka bwanji?"

Mikono inatenga masiku angapo kuti iwongoke, ndipo inaphwa n'kubwerera pa timitengo tija. Kuyambira pamenepo ndimanyamula katatu pa sabata, masiku enawo ndimapuma ngati mwana wabwino, zigubu zinabwerera ku ntchito yake ya madzi. Papita miyezi isanu ndi itatu, ndipo a Silungwe sananame: mikono yabwera, yeniyeni, yodzaza malaya. Tsopano ndikhoza kuikweza m'mwamba tsiku lonse osatopa. Kungoti kumzere wakumbuyo kuno, ndikaikweza, a Gondwe amaimitsa nyimbo n'kufunsa ngati ndikufuna kutuluka panja.