Mbawa ya a Gondwe ndi njerwa za apongozi

Lolemba

Sabata ya ufulu wanga yayamba. Chichokereni kwathu ku Zambia kudzakhala pachikamwini kwawo kwa Felesiya kuno ku Nchilamwela, ntchito yanga ndi kupalira chinangwa cha apongozi. Ine, munthu amene ndinkasadza mitengo m'mayadi a anthu olemera ku Lusaka, ndili lende pachingwe!

Lero andiyitana a Gondwe, manijala wa pa esiteti ya tiyi. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mbawa yakalekale yoweramira padenga. Akufuna ndichotse nthambi zouma zokha, mtengowo usavulale, pakuti eni esiteti amaukonda kuposa antchito awo. Eni akewo akubwera Loweruka. Ndikagwira bwino, mitengo yonse ya pa esiteti ikhala m'manja mwanga, ndipo ntchitoyo ili ndi nyumba yake. Nyumba! Kutali ndi maso a apongozi.

Zofunika:
chingwe chokwerera ndi china chotsitsira nthambi
lamba ndi chipewa cholimba
makina ochekera, petulo
Felesiya asauze munthu

Felesiya walumbira kuti sauza munthu. Wangouza amayi ake.

Lachiwiri

Ndili pamwamba, mtima uli m'malo. Minda ya tiyi yayalana mpaka kuphiri, othyola tiyi aimitsa manja kuti aone munthu wamisala. Ndikudula nthambi yoyamba, ndikuitsitsa pang'onopang'ono ndi chingwe changa chofiira, osakhudza lata ngakhale limodzi. Ntchito yooneka ndi maso.

Pofika ine pansi, nthambi yamera miyendo. Chingwe chaiperekeza.

Mlonda wa pageti akuti sanaone kanthu. Munthu wamaso awiri, geti limodzi, nthambi yaitali ngati basi. Kenako ndikumva kuti mlondayo ndi msuweni wa apongozi. Kuno aliyense ndi msuweni wa apongozi.

Kunyumba ndapeza nthambi yanga itatsamira uvuni wa njerwa umene apongozi anaumanga kalekale koma osauotcha chifukwa chosowa nkhuni. Njerwazo n'zachiyani sindifunsa, mkamwini asakule mwendo. Chingwe changa chili m'khosi mwa mbuzi. Felesiya akuti amayi ayamikira kwambiri, chingwe chimenechi mbuzi ikulephera kuchitafuna.

Lachitatu

Ndakwera m'mawa. Ndangoliza makina, poyang'ana pansi: apongozi! Ayala chitenje patsinde penipeni, pansi pa nthambi imene ndayamba kale kuicheka, ndipo abwera ndi anzawo a kutchalitchi, aliyense nkhata ili m'manja.

Ku Lusaka ndikanangokuwa kuti chokani pamenepo. Kuno mkamwini sakuwira apongozi. Sawayang'ana n'kumaso komwe. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tiyi ngati ndaona njoka. Ndiye ndiwauze bwanji kuti mtengo uwagwera pamutu?

Ndazimitsa makina, ndaimbira Felesiya amene ali ku Luchenza kugulitsa nthochi. Felesiya waimbira amayi ake. Ndikumva foni ikulira pansi panga pomwepa. Kenako Felesiya wandiimbira: "Amayi akuti musawadere nkhawa, gwirani ntchito yanu, iwo sakufulumira."

Sakufulumiradi. Adya chinangwa chophika, aimba nyimbo ziwiri za kwaya, wina wagona. Ine ndili lende, lamba akundidya m'mphechepeche, nyerere zikulowa mumalaya, nkhope ndalozetsa ku Mulanje posonyeza ulemu.

Zimene ndamva kuchokera pansi:
"Munthu wamkulu kuvala thewera la zingwe."
"Kwawoko mwina alibe nkhwangwa."
"Akamwini anuwa ndi aulemu, koma mtengo akuuyambira kumutu."

Nthambi zodulidwa lero: palibe.

Lachinayi

Chiperoni. Nkhungu mpaka pakhonde, mbawa ikuterera ngati therere. Sindikwera, ndikufunabe moyo.

Ndatsegula chigubu cha petulo, muli fungo lokha. Amalume ake a Felesiya, a Namakhwa, anathira m'njinga yawo yamoto dzulo. Zapachibale.

A Namakhwawo abwera masana kudzandithokoza, komanso kudzandiphunzitsa ntchito yanga. Akuti mudzi wonse ukundimvera chisoni, masiku onsewa nthambi imodzi. "Mtengo amadula pansi, akamwini. Kumwamba ndi kwa anyani. Tikuthandizani."

Awa ndi eni mbumba. Ndi amene anandilandira pamudzi pano, ndipo atafuna akhoza kundipatsa chikwama changa mawa lomwe. Munthu wotere sumuuza kuti ayi. Ndafotokoza mofatsa za nthambi zouma, za eni esiteti, za mtengo umene uyenera kukhala moyo. Agwedeza mutu nthawi yonseyo akuyang'ana makina anga. Pomaliza ndawomba m'manja n'kunena kuti zikomo amalume, tiona.

A Gondwe anyamuka kupita ku Blantyre kukachingamira eni esiteti. Ponyamuka andifunsa ngati zonse zili bwino. Ndati zili bwino kwambiri.

Lachisanu

Kwacha bwino. Ndathamangira ku Luchenza kukasaka petulo. Pamalo omwetsera mafuta pali mzere wokafika kumsika, koma mafuta ake palibe. Anthu akungoima pamzerepo mwachikhulupiriro. Dzuwa litapendeka ndapeza wa m'mabotolo, wooneka ngati tiyi wopanda mkaka.

Ndikubwerera pakabaza, ndikuona kuti kumtunda kwa a Gondwe kwawala modabwitsa. Denga lonse likuoneka. Ndayamba ndadzinamiza kuti ndasokera njira.

Andithandiza!

Mbawa ili gone pakapinga. Pogwa yatenga thanki ya madzi, mpanda wa maluwa ndi theka la khola la nkhuku. A Namakhwa akhala pachitsa, nkhwangwa pamwendo, thukuta kamukamu, anzawo atatu akuphwanya nthambi. Akuti: "Mwaona? Sitinathe n'komwe tsiku. Musavutike n'kuthokoza."

Ndikumva kulira kukubwera, ndithu kulira kwenikweni, chifukwa mtengo umenewu unaona agogo a agogo awo, ndipo ndinali nditayamba kuukonda. Pomwepo apongozi akudutsa, chipika pamutu. Aphimba nkhope ndi chitenje mwaulemu, ine ndapatukira m'maluwa a Mayi Gondwe.

Loweruka

Eni esiteti afika. Azungulira chitsa mwakachetechete ngati ali pamanda, mmodzi wachijambula pafoni. Nkhuku zikuyenda pakhonde, pampopi palibe dontho.

A Gondwe sanakalipe, bola akanakalipa. Angonditengera pambali n'kunena motsitsa mawu: "Ndinati nthambi zouma, bambo. Kapena ku Zambia nthambi imayambira kumizu?"

Ndikanati si ine. Koma ndiye ndinene kuti ndi ndani? Ndipereke eni mbumba kupolisi, madzulo n'kukadya pakhomo pa mlongo wawo? Ndayang'ana nsapato zanga.

Ntchito palibe. Nyumba palibe. Andiuza kuti ndisadzaonekenso pa esiteti, ndipo mlonda uja, amene sanaone nthambi, chingwe, amayi a kwaya, amuna anayi ndi nkhwangwa zawo, lero maso ake atseguka. Wandiperekeza mpaka kumsewu.

Lamulungu

Uvuni ukufuka chiyambire dzulo. Mbawa imayaka bwino, zimenezo ndivomere.

Kutchalitchi amayi a kwaya andipatsa moni ndi manja awiri. Mudzi wonse uli ndi nkhuni, ndipo akuti pamudzi pano sipanagwepo mkamwini wothandiza ngati ine. M'chipewa changa cholimba nkhuku yaikiramo dzira. Ndaisiya, yapeza nyumba ndi iyo.

Masana Felesiya wabwera ndi uthenga, akumwetulira mpaka m'makutu. Amayi akuti njerwa zija n'zathu. Anaumba kuti atimangire nyumba, ankangosowa nkhuni, ndiye Mulungu wawatumizira ine. Malo asankha kale: kuseri kwa khitchini yawo, zenera lathu kuyang'anizana ndi khomo lawo.

Akuti mawa ndilawirire kukumba maziko, ndipo ndikumbe akuya ndithu, nyumba yake ikhale yosagwa.