Kadzidzi wa Boma pa Denga la Apongozi

Mpaka lero kuli azimayi achikulire kwa Malemia amene akandiona amayamba kuseka asanandipatse moni. Sindiwakwiyira, chifukwa ndikudziwa chimene amakumbukira.

Inali nthawi ya masheleni ija, ufulu titangolandira kumene. Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata wodzimva ngati sayansi ndinabadwa nayo, komanso mkamwini watsopano kwawo kwa mkazi wanga Esitere. Ukamwini mukuudziwa. Apongozi aakazi sindinkalankhula nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire n'kunjuta, ndipo mawu aliwonse ankadzera mwa Esitere. Pamudzipo ndinali ndikadali pa mayeso, ndipo mkamwini akalephera mayeso amangopeza mphasa yake panja.

Tsono kumyuziyamu ya boma ku Blantyre, kosungira zinthu zakale, anayamba kubwereketsa aphunzitsi zinthu zophunzitsira: miyala, zigoba za nkhono, mafupa, ndi mbalame zoumika zimene mkati mwake anaikamo thonje. Anzanga anzeru anasankha miyala. Ine ndinaloza kadzidzi wamkulu wa maso agalasi. (Ndinkafuna kuchotsa mantha mwa ana, ati.) Bambo wondipatsayo anandichenjeza kuti, "Aphunzitsi, mbalameyi mdani wake ndi chinyontho. Ikanyowa muiyanike msanga."

Nditatsika basi pa Songani, ndinamanga katoni ya kadzidziyo pakaliyala wa njinga yanga imene ndinaisiya pamenepo, ndipo mvula inandipeza panjira. Kusukulu anali atatseka kale, choncho ndinapita nayo kunyumba. Esitere atafunsa, ndinati ndi mabuku. Ndikanati bwanji? Apongozi aamuna anali chigonere ndi chifuwa, phala lomwe akukana, ndiye ine ndinene kuti ndabweretsa mbalame yolosera maliro?

M'mawa mwake, Loweruka, onse atapita kumunda, ndinatsegula katoni n'kupeza nthenga zili nyowe. Pansi sindikanayanika chifukwa cha agalu. Denga langa linali pamthunzi wa mango. Denga limene dzuwa linkawomba bwino linali limodzi lokha, la apongozi, momwe munagona wodwala. Ndinakwera pamtondo, n'kumukhazika kadzidzi pamwamba pa udzu, ataima bwinobwino ngati mwini mudzi. Ndinati ndimutsitsa anthu asanaweruke. Kenako ndinakakhala pampando wandalema ndi buku, ndipo tulo tinandiba.

Chinandidzutsa ndi mfuu. "Mayo ine! Masanasana! Atilodza ife!"

Nditatuluka ndinapeza bwalo ladzaza. Azimayi manja ali kumutu, ena ayamba kale kulira maliro a munthu wamoyo. Wina ankathira mchere pamoto. Kadzidzi, mbalame yausiku, ali phee padzuwa, kuwayang'ana onse osaphethira. Anamuponyera miyala, osasuntha. Anamukuwiza, osasuntha. Mkulu wina anapukusa mutu nati, "Ameneyu si wakutchire ayi. Ameneyu ngotumidwa."

Pamenepo apongozi aakazi anatulukira kukhitchini atanyamula chikuni chamoto, poti kwathu kadzidzi amathamangitsidwa ndi chikuni. Choyamba chinapitirira n'kukagwera m'chimanga. Anabwerera kukatenga china.

Munthu wanzeru akanangofuula kuti "Lekani!" Koma ine kufuulira apongozi? Miyendo inachita zimene inazolowera: ndinanjuta. Ndili chinjutire ndinakodola mkazi wanga.

"Esitere, tawauza mayi asaponye."

"Asaponye chifukwa chiyani, inu? Simukuona?"

"Uwauze kuti... kadzidziyo ndi wanga."

Ndinkayesa ndanong'ona, koma bwalo lonse linamva. Kulira kunaleka. Esitere anandiyang'ana ngati sanandionepo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kubwerera kumeneko kunandipweteka kuposa china chilichonse tsiku limenelo, ndipo ndinadziwa kuti banja langa lili pakamwa pa ng'ona.

"Wanu?" anatero malume ake a Esitere, amenenso anali ankhoswe athu. "Achimwene, mukuti mbalameyi mumaweta ndinu?"

Ndisanayankhe, chikuni chachiwiri chinauluka. Apongozi sanaphonyenso. Chinagwera pafupi ndi mchira, udzu n'kuyamba kufuka. Ulemu wonse unathera pomwepo. Ndinalumphira pamtondo, n'kukwawira padenga, kuzima moto ndi manja kwinaku ndikukuwa, "Ndi wa boma! Ndi wa boma! Ngwakufa kalekale!" Potsika ndinaterereka n'kugwa chagada, kadzidzi ndili chomukumbatira pachifuwa ngati khanda. Anthu anabalalika, ena mpaka kukafika kudambo.

Ndinafotokoza ndili pansi pomwepo, buluku litang'ambika malo osayenera. Ndinatembenuza mbalame ija kuonetsa msoko wa pamimba ndi thabwa la kumapazi. Ndinagogoda diso ndi chikhadabo, likulira ngati botolo. Palibe anayandikira. Amene anatipulumutsa ndi wodwala uja. Utsi ndi phokoso zinawatulutsa m'nyumba, atagwira ndodo, akutsokomola. Anaiyang'ana mbalameyo, n'kuibaya ndi ndodo pamsoko, thonje n'kutuluka.

"Ndiye mwandilira maliro chifukwa cha pilo?" anatero.

Anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo atapuma anapempha phala. Koma apongozi aakazi sanaseke. Analowa m'nyumba ndi malume aja pamodzi ndi Esitere, chitseko n'kutseka. Ine ndinatsala panja ndi manja amatuza ndi kadzidzi wopsa mchira, ndikuwerengera mumtima ngati katundu wanga yense angakwane panjinga.

Dzuwa litapendeka Esitere anatuluka. Anakhala pafupi nane, pafupi ndithu, n'kuyamba kundipaka mafuta m'manja.

"Mayi akuti mawa mufolere denga lawo."

"Ndifolera. China?"

"Akuti cholengedwachi chikagone kusukulu lero lomwe."

"Chipita. Nanga za ine akuti bwanji?"

Analuma mlomo kuti asaseke. "Akuti mfiti siingakwere padenga masana buluku lili long'ambika n'kumaitana boma. Akuti inu si mfiti ayi, ndinu chitsiru chabe. Ndipo akuti chitsiru tikhoza kuchisunga, bola chizilima."

Ndakhala ndikuyamikiridwa ndi oyendera sukulu, ndalandirapo ndi masatifiketi. Koma kunena zoona, palibe mawu amene anandikhazika mtima pansi ngati amenewo. Madzulo ake ndinakankha njinga, kadzidzi ali pakaliyala, kukapempha makiyi a sukulu kwa ahedi, ndikuimba mluzu, chitsiru chokhala ndi banja.