Ndinakwecha Mwala Wakumwamba

Nkhani iyi amuna anga anandiletsa kuikamba pagulu, koma zaka zapita, lekani ndiulule.

Tinkakhala ku Chimwemwe, ku Kitwe, ufulu utangobwera kumene. Amuna angawo, bambo a Tereza, ankagwira ntchito kumgodi, yonyamula miyala yokayesedwa. Tsiku lina achimwene awo anafika kuchokera ku Katete ndi mwala waukulu ngati nkhonya ziwiri, wakuda bii, wolemera modabwitsa. Akuti unagwera m'munda masanasana, ndi mkokomo ngati bingu.

"Loweruka kubwera a Mwansa, katswiri wa miyala, kudzauona," anatero amuna anga. "Pakhomo pakhale paukhondo."

Paukhondo! (Ine ndinakulira kwa masisitere, kumene mpoto wophikira umawala ndi kunsi komwe.) Nditakolopa, maso anagwera pa chimwala chija. Mwaye wokhawokha. Mlendo wophunzira adzaone zimenezi? Sopo anakanika. Mchenga unakanika. Ndinagwada pakhonde n'kuyamba kuukwecha mwalawo pasimenti, mpaka mbali imodzi inayera mbuu.

Loweruka, a Mwansa atafika n'kuutembenuza, anagwira pakamwa.

"Mayo! Nani acita ifi?" (Munthu akadzidzimuka, Chibemba chimangotuluka chokha.)

"Ndine, bambo. Unali wakuda."

"Mayi, khungu lakudalo ndiye umboni wake! Unapsa pobooleza mlengalenga. Timaenje iti, ngati podinda chala, ndi pamene unkasungunuka."

Amuna anga anangoti maso kudenga.

Koma a Mwansa anatulutsa kagalasi n'kusuzumira pomwe ndinakwechapo. Kenako anandikodola.

"Taonani."

Ndinaona timibulu tozungulira ngati mapira, ndi timadontho tonyezimira. Anayandikiza maginito, inamata pang'ono.

"Miyala yakumwamba ilipo mitundu itatu: yachitsulo, yamwala, ndi yosakaniza. Uwu ndi wamwala, wa gulu la timibulu. Tonyezimirato ndi chitsulo. Ndipo timibuluti n'takale kuposa mkuwa wonse uli pansi pa Kitwe, kuposa dziko lenilenili."

Mwana wa dziko lathu lomwe lino, kuwerenga mwala ngati kalata yochokera kumudzi! Ine ndinali nditaukhula ngati chidendene.

"Mwandipeputsira ntchito youcheka," anatero akuukulunga mu mpango wawo. "Koma mukadapitiriza, ndikadalira."

Ndinalumbira kuti sindidzakhudzanso zinthu za ophunzira. Tikuwaperekeza, ndinaona kuti mpango uja unali wothimbirira m'mphepete.

"Bambo," ndinatero, "bwanji muusiye ndikuchapireni?"

A Mwansa anaukumbatira mwalawo pachifuwa, n'kuwonjezera liwiro.