Mbuzi ya khutu long'ambika inandilanda mpando

Msampha umene unandikola ndinautchera ndekha, ndipo mpaka lero mbuzi ikalira mtima umandiwawa.

Kwathu ku Kanduku kuli kabungwe kopatsirana mbuzi: ukalandira yaikazi, ikaswa, mwanayo umapereka kwa mnzako. M'bodi ya kabungweka munatsala mpando umodzi, ndipo ine ndinkaufuna zedi. Wopikisana nane anali a Chikaonda, munthu woti kalata ya mizere itatu amalemba tsiku lathunthu.

Tsono pagulu lathu la pa intaneti panali wina wodzitcha Tsabola Wowawa, wonyoza bodi m'mawa ndi madzulo. (Ndinali ine. Musandiweruze, zina zinali zoona.) Anthu ankaganizira a Chikaonda poti ndi olongolola, ine nkuti laponda lamphawi. Tsiku la chisankho ndinaimirira, nkukonza kolala.

"Wapampando, aliyense wofuna udindo aulule mayina onse amene amalembera pa intaneti. Atsogoleri obisala ngati mbewa sitikuwafuna."

Anthu anawomba m'manja, ine kufufuma.

A Chikaonda anangopisa m'thumba, nkutulutsa kafoni kamabatani komanga ndi mphira. "Ine intanetiyo ndimangoimva kwa anthu," anatero.

"Nanga inu bambo?" anafunsa wapampando, mayi Nachisale.

"Dzina langa ndi lomweli basi."

Mayiwo anavala magalasi mosapupuluma, nkutsegula pafoni yawo chithunzi chimene Tsabola anaponya: mbuzi yowonda nthiti kuwerengeka, pansi pake mawu akuti, "Onani zimene bodi ikugawa." Pojambula ndinasamala kwambiri, nyumba sinaoneke, ngakhale chala changa. Chomwe ndinaiwala nchakuti kwathu munthu akhoza kusokoneza ana a mnzake, koma mbuzi ayi.

Foni inayamba kuyenda m'manja. Sinadutse ndi anthu atatu omwe.

"Iyitu ndi ya bambowa," anatero mkulu wina akundiloza. "Khutulo anang'amba ndi galu wanga, itandidyera mtedza."

"Mbuzi zimafanana," ndinayankha.

Ndinayang'ana kwa mayi a kunyumba kuti andipulumutse. Iwo anaiyandikitsa foniyo kumaso, nkuti, "Chingwechi ndi chitenje changa chimene chinasowa chija. Ndipo mbuziyi si ya bungwe, ndi ya malemu apongozi. Ikuwonda poti eni ake amatandala pafoni."

Zaka zonsezi ndimadya ndi mboni ya boma osadziwa.

Anandivotera anthu awiri, ine ndi gogo wina wosamva bwino. A Chikaonda lero akuyendera njinga ya bungwe kupita ku Boma, kalata akulembabe tsiku lathunthu. Lamulo langa lija analisunga, ndipo pa chisankho chilichonse amaliwerenga akundiyang'ana. Ngakhale abusa tsopano amandipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji a Tsabola?"

Mukuganiza kuti ndinaphunzira kusanyoza mobisala? Ndinaphunzira kuti ukafuna kujambula mbuzi, kwera minibasi ukajambule ya ku Blantyre.