Ulendo wa ku Chia

Lolemba

Sukulu tatsekera, mvula yatha, mpunga wacha m'madambo. Esitere, mwana wanga woyamba, akwera sitima sabata yamawa kukaphunzira unamwino ku Likoma. Zaka zitatu. Ndaganiza kuti asanapite, banja lonse tikayende kunyanja yaing'ono ya Chia Loweruka, monga ndinawaonera a DC ndi banja lawo: kuyala mkeka, kumwa tiyi, kuyang'ana mbalame osazigenda.

Opita: ine, amake Esitere, Esitere, Yohane, Mariya ndi Petulo wa zaka zinayi.
Zotenga: mkeka, ketulo, masikono khumi ndi awiri, buku la zithunzi za mbalame lomwe ndabwereka kwa ansembe.

Amake Esitere afunsa, "Ku Chiako tikatengako chiyani?" Ndati palibe, tikangokhala. Andiyang'ana, kenako apitiriza kusenda chinangwa.

Lachiwiri

Ndapempha bwato kwa a Longwe, msodzi wochokera ku Chintheche. Avomera. Akuti mumakwera anthu asanu ndi atatu.

Petulo wauza mudzi wonse. Pofika masana awonjezeka alamu anga a Binwelo, akazi awo, ana awo atatu, ndi azakhali a Esitere, amene akuti ali ndi malangizo oti akamupatse mwana m'njira. Tsopano tili khumi ndi awiri. Sikono imodzi munthu mmodzi. Za bwato ndiziganizira mawa.

Lachitatu

Mwera wayamba. Nyanja yachita thovu mpaka kutali.

A Longwe afika okha pakhomo. "Aphunzitsi, ana anu amasambira?" Ndati Yohane yekha. "Ndiye mutenge Yohane yekha."

Palibe kanthu, tipita pamtunda. Njinga zilipo ziwiri, yanga ndi ya alamu. Ndajambula pa sileti mmene tizitengerana: ine nditenga awiri, kubwerera, kutenga ena awiri. Ndawerengetsera kuti womaliza akafika ku Chia dzuwa likulowa, woyamba ayenera kuyamba kubwerera masana.

Lachinayi

Yohane wati ayese njinga yanga kuti azidzandithandiza. Wakagunda mtengo wa mango wa kutchalitchi, womwe wakhala pamalo pomwepo iye asanabadwe. Mwana ali bwino. Gudumu lakutsogolo lapindika ngati nambala eyiti.

Njinga ya alamu ilibe mabuleki. Akuti amaimitsa ndi chidendene, ndipo andionetsa chidendenecho. Sindikwezapo mwana wanga.

Ndalengeza kuti tiyenda pansi. Mwina sitikafika ku Chia kwenikweni, koma tikayenda cholowera ku Chia.

Lachisanu

Amake Esitere aphika masikono mumphika, makala pamwamba pa chivindikiro. Atuluka khumi ndi awiri, okongola. Azakhali abwera kudzalawa. Alamu abwera kudzaona ngati azakhali alawa bwino. Atsala asanu. Ndawatsekera m'bokosi la mabuku a sukulu.

Mariya wapeza buku la ansembe ndipo wapaka makala kakowa yense wa patsamba lachitatu. Akuti anali woyera, wojambulayo sanamumalize.

Esitere tsiku lonse ali pakhonde kupinda madiresi ndi kusokerera dzina lake pa nsalu iliyonse. Wati, "Bambo, tiyi tingamwe ngakhale pakhonde pano." Ndakana. Pakhonde timwa tiyi zaka zitatu iye kulibe.

Loweruka

Nthawi yonyamuka: sikisi koloko. Nthawi yomwe tanyamuka: naini. Tili khumi ndi anayi ndi galu. Awiri enawo sindikudziwa wawaitana ndani. Ine ndavala buluku langa loyera.

Tayenda pang'ono chabe, denga la tchalitchi likuonekabe. Njira imadutsa pamunda wa mpunga wa apongozi anga. Iwo atadzuka pomwe anawerama, akutiona tili mndandanda, aomba m'manja: "Mwabwera nonse kudzandithandiza? Mulungu akudalitseni, ana anga."

Ndayang'ana amake Esitere. Iwo akumanga kale nsalu m'chiuno. Mipeni ili kale m'dengu lawo, pansi pa ketulo. Sindifunsa kuti yalowamo liti.

Mkeka wa tiyi aunjikapo mpunga. Ine matope mpaka m'maondo.

Mbalame zomwe taona: mpheta, zambirimbiri, zikudya mpunga. Apongozi atilamula kuzigenda.

Masana ndawiritsa tiyi ndithu. Ndikuti ndithire m'makapu, nkhungu, tintchentche tija timachita ndiwo, zatulukira kunyanja, mtambo wakuda, ndi kutikuta tonse. Aliyense wataya mpeni ndi kulanda lichero kuti azikole. Nkhungu mu tiyi, pa masikono, m'makutu mwa alamu. Azakhali aiwala malangizo, akuthamanga ngati mtsikana. Esitere ndi amake akuzungulira ndi dengu limodzi, agwera m'matope onse awiri, akuseka mpaka kulephera kudzuka. Ine ndaima ndi ketulo m'manja, ndikungowayang'ana, tiyi mpaka wazizira.

Petulo waona ng'ombe ya eni ake itagona m'thope. Akuti ndi mvuu.

Tabwerera ndi madengu atatu a mpunga ndi nkhungu zokwana sabata.

Lamulungu

Msana. Kugwada m'tchalitchi ndagwada, kudzuka andithandiza alamu. Buluku akuti silidzayeranso.

Ndabweza buku. Ansembe atsegula patsamba lachitatu, ayang'anitsitsa, ati mtundu uwu wa kakowa sanauonepo m'Nyasalande. Ndapepesa.

Bokosi la Esitere lili pakhomo, lomangidwa kale ndi chingwe. Amake amuikiramo mpunga watsopano ndi nkhungu zouma.

Potuluka m'tchalitchi ndamupeza Petulo akuuza a Longwe kuti dzulo tinapita ku Chia ndipo tinaona mvuu ya nyanga ziwiri. A Longwe afunsa Esitere. Iye wati, "Inde, nanenso ndinaiona." Kenako a Longwe atembenukira kwa ine, amene kusukulu mwana wonama ndimamugwaditsa padzuwa.

Ndati inali yaikulu ndithu.